Denis Burkitt: dotolo wa diso limodzi yemwe adazindikira khansa ya ana

Mwana wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe akatupa tsaya, makolo amayamba aganiza za dzino kapena matsagwidi. Nthawi zambiri amalondola. Koma pali chotupa china chimene sichidikira: chimatha kukula kuwirikiza kawiri m'masiku awiri okha, mano n'kuyamba kugwedera, diso n'kutong'oka. Iyi ndi khansa ya Burkitt, imodzi mwa khansa zimene zimagwira ana kwambiri m'Malawi muno, ndipo dzinali ndi la munthu.

Denis Parsons Burkitt adabadwa pa 28 February 1911 ku Enniskillen m'dziko la Ireland. Ali ndi zaka 11 adavulala n'kutaya diso lakumanja. Ku Trinity College, Dublin, adayamba ndi maphunziro a uinjiniya asadatembenukire ku udotolo, womwe adamaliza mu 1935. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idamufikitsa kum'mawa kwa Africa, ndipo mu 1946 adayamba ntchito ku Uganda.

Mu 1957, pachipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala, adamuonetsa kamnyamata kotupa nsagwada mbali zonse. Patangopita milungu yochepa adakumana ndi mwana wina wotupa chimodzimodzi. Wina akadangoti zangochitika. Iye adakafukula mabuku akale a odwala, ndipo mu 1958 adafalitsa zimene adapeza pa ana 38. Dziko silidalabadire kwenikweni.

Apa m'pamene khama lake lidaonekera. Analibe makina apamwamba, koma anali ndi positi ndi mapu. Adatumiza zithunzi ndi mafunso kuzipatala za mu Africa, kenako mu October 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adakwera galimoto yakale ya Ford. M'masabata 10 adayenda makilomita pafupifupi 16 000 ndi kuyendera zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za ku Nyasaland. Kuno adapeza kuti matendawa amakonda m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa zotentha, pomwe kumapiri kozizira amasowa. Wodziwa chifundizi cha ku Liwonde, m'mphepete mwa Shire, kapena madambo ozungulira nyanja za Chilwa ndi Chiuta, aona yekha kuti madera ambiri a Machinga ndi Balaka ali m'kati mwa mapu otere.

Kutentha ndi mvula zidamuganizitsa za kachilombo kofalitsidwa ndi udzudzu. Pamenepo adaphonya, koma kuphonya kwake kudabala zipatso. Anthony Epstein, yemwe adamva Burkitt akuphunzitsa ku Middlesex Hospital ku London mu 1961, adapempha zidutswa za zotupazo. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapezamo kachilombo komwe lero kamatchedwa Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Kachilomboka kamafala m'malovu ndipo pafupifupi aliyense ali nako. Zimene udzudzu umabweretsa ndi malungo, omwe akamabwera mobwerezabwereza amachititsa maselo ena a chitetezo cha m'thupi kuswana mopitirira muyeso.

Chigawo chotsiriza cha mwambiwu chidapezeka m'kati mwa selo. Mmenemo muli malangizo a chibadwa otchedwa majini (osati majini aja otchuka kwa asing'anga), osanjidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu. Mu 1976 akatswiri adaona kuti m'khansa imeneyi kamtolo ka nambala 8 kamasinthana chidutswa ndi ka nambala 14. Mu 1982 adazindikira kuti chidutswacho chimanyamula jini ya MYC, imene imapanga puloteni youza selo kuti likule ndi kugawikana. Ikasamukira pafupi ndi majini opanga zida za chitetezo, omwe sapuma, imakhala ngati mpopi wotha ulusi. Lero kusamuka kwa MYC ndicho chizindikiro chimene ma labotale okhala ndi zida zake amafufuza potsimikiza matendawa, pamodzi ndi puloteni ya Ki-67, yomwe imaonetsa kuti pafupifupi selo lililonse la chotupacho lili pa kalikiliki wogawikana.

Liwiro lomwelo ndilo chofooka cha khansayi. Burkitt adapempha mankhwala a methotrexate ndi cyclophosphamide kumakampani, ndipo adaona zotupa zikuluzikulu zikuphwa, nthawi zina atangopereka kamodzi kapena kawiri. Cyclophosphamide akadali pakati pa mankhwala othandizira ana ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Vuto la mwana wa kumudzi ndi mtunda: kuchoka pachipatala chaching'ono, kudzera pachipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, mpaka kukafika kumene amatha kuyeza kachidutswa ka chotupa, khansa ili m'kati mokula tsiku ndi tsiku.

Burkitt, Mkhristu wodzipereka, adabwerera ku Britain mu 1966 ndipo adatchukanso polimbikitsa zakudya zagaga, chiphunzitso chimene okonda nsima ya mgaiwa angachimve msanga. Adamwalira pa 23 March 1993 ali ndi zaka 82. Patatha zaka 26, mu 2019, Malawi idakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'ndondomeko yoyesera, ndipo Machinga ndi Balaka adali pakati pa maboma 11 oyambirira.