Benedicto Kiwanuka, Jaji Wamkulu wa ku Uganda

Anzanga amene tinakhalira limodzi pa mabenchi a sukulu yathu, m'kope lino ndati tikumbutsane za munthu wina wa ku Uganda. Dzina la Idi Amin tonse tinalimva mpaka kutopa nalo. Koma la a Benedicto Kiwanuka, amene Amin yemweyo anawaika kukhala Jaji Wamkulu, ndi ochepa a ife amene tinalisunga.

A Kiwanuka anabadwa m'chaka cha 1922 m'dera la Masaka, ndipo anali Mkatolika wolimbikira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa usilikali wa King's African Rifles, gulu lomwe lija munalinso agogo athu ambiri. Atabwerako anagwira ntchito yotanthauzira pa khothi lalikulu, ndipo ine ndimaganiza kuti chilakolako cha malamulo chinayambira pamenepo, poona m'mene munthu wamba amanjenjemerera pamaso pa woweruza. Anakaphunzira ku Pius XII College ku Basutoland, kumene lero ndi Lesotho, kenaka ku London, ndipo mu 1956 anavomerezedwa kukhala loya.

Zandale sindichulutsapo. Mu 1958 anakhala mtsogoleri wa Democratic Party, ndipo mu Malichi 1962 anakhala nduna yaikulu yoyamba ya Uganda. Mpandowo sanautenthetse nkomwe, pakuti mwezi wotsatira anagonja pa chisankho ndipo a Milton Obote ndiwo analandira ufulu wa dzikolo. Mu 1969 boma la a Obote linawatsekera m'ndende popanda kuwazenga mlandu. Amin atalanda boma mu Januwale 1971 anawatulutsa, ndipo mu Juni chaka chomwecho anawapatsa mpando wa Jaji Wamkulu. Iwo anali mbadwa yoyamba ya Uganda kukhalapo.

Ntchito ya mpando umenewu ambiri timaiona ngati ya ulemu chabe, kuvala mkanjo ndi kulumbiritsa akuluakulu a boma. Koma Jaji Wamkulu ndiye mutu wa makhothi onse a dziko. Amayang'anira majaji ndi mamajisitireti, amaona kuti milandu isagone, ndipo milandu yolemera amaimva yekha kapena pamodzi ndi anzake. Chachikulu koposa ndi ichi: iye ndi amene ayenera kuuza boma kuti apa mwalumpha malire. Alibe asilikali, alibe mfuti. Mphamvu yake ndi pepala limene wasainapo, ndipo pepalalo limagwira ntchito pokhapokha ngati a mfutiwo avomera kulimvera.

Pali lamulo lakale, lochokera ku England, lotchedwa habeas corpus. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akagwidwa, khothi likhoza kulamula omusungawo kuti abwere naye ndi kufotokoza chifukwa chake; akalephera, munthuyo amasulidwe. Mu 1972 asilikali a Amin anatsekera wamalonda wina wa ku Britain, Daniel Stewart. Nthawi imeneyo anthu ankasowa usana ndi usiku, ndipo mu Ogasiti Amin anali atalamula Amwenye kuti achoke m'dzikomo. Aliyense ankadziwa kuti kukhudza mkaidi wa asilikali kunali kuika dzanja m'kamwa mwa ng'ona. A Kiwanuka anaumva mlanduwo, napeza kuti asilikali analibe mphamvu yosungira munthuyo, nalamula kuti atulutsidwe.

Pamenepa ndi pamene ine ndimaima nthawi zonse ndikamaganiza za moyo wawo. Stewart sanali mbale wawo kapena wa chipani chawo. Amene anamutsekera anali anthu a munthu yemwe anawatulutsa iwo m'ndende ndi kuwapatsa ntchito. Ena amati a Kiwanuka analakwa poyamba pomwe kulandira udindo m'manja mwa msilikali wolanda boma, ndipo mfundo imeneyi sindiitaya. Komabe atakhala pampandopo sanauyese mphatso yoti azibweza ndi zigamulo. Ndende yopanda mlandu anali atailawa okha.

Pa 17 Seputembala 1972 otsatira a Obote analowa m'Uganda ndi zida kuchokera ku Tanzania, ndipo anagonjetsedwa. Amin anayamba kukayikira aliyense amene anali ndi dzina. Pa 21 Seputembala amuna a mfuti analowa mu ofesi ya a Kiwanuka pa khothi lalikulu mu Kampala, nawakokera kunja anthu akuona, n'kuwakankhira m'galimoto. Boma linakana kuti linali ndi dzanja pa nkhaniyi. Iwo anaphedwa ali ndi zaka 50, atakhala pampando miyezi 15 yokha, ndipo banja lawo silinalandire mtembo woti liike m'manda.

Mu Kampala muli msewu wotchedwa Ben Kiwanuka Street, ndipo kuyambira mu 2018 majaji a ku Uganda amasonkhana mu Seputembala chaka ndi chaka kuwakumbukira.