Gary Hocking: katswiri yemwe anasiya njinga ali pachimake

Anzathu a ku Dowa ndi Ntchisi, makamaka inu okonda kuthamangitsa njinga zamoto m'mapiri mwathumu, munamvapo za Gary Hocking?

Mkuluyu anabadwira ku Wales mu 1937, koma anakulira ku Bulawayo. Mu 1961, nthawi ya Chitaganya, anatenga ukatswiri wa dziko lonse pawiri, wa 350cc ndi wa 500cc, pa njinga ya MV Agusta. Yemwe ankamusowetsa tulo anali Mike Hailwood wa ku England.

Mu June 1962 ku Isle of Man, Hailwood anamuposa pa 350cc. Mumpikisano womwewo mnzake wapamtima, Tom Phillis, anagwa n'kumwalira. Sabata yomweyo Hocking anapambana pa 500cc, kenako njinga anazisiyiratu, mtima utasweka.

Analowa mipikisano ya galimoto poganiza kuti uko kuliko bwino. Koma pa 21 December chaka chomwecho anafa pangozi akuyeserera ku Westmead, kufupi ndi Durban, ali ndi zaka 25 zokha.

Ndiye inu akabaza, liwiro silidziwa katswiri. Potsetsereka chepetsani moto, chipewa chikhale kumutu. Kunyumba akukudikirani.