Mbiri ya a Gerardus Mercator, Katswiri wa Mapu a Panyanja

A Gerardus Mercator anabadwa pa 5 March 1512 ku Rupelmonde, m'dziko limene lero limachedwa Belgium. Atate awo anali osoka nsapato. Mu 1530 anayamba maphunziro pa yunivesiti ya Leuven, ndipo pambuyo pake anaphunzira masamu ndi luso la mapu kwa a Gemma Frisius.

Mu 1544 anamangidwa poganiziridwa kuti anali kutsutsa ziphunzitso za Cikatolika, ndipo anakhala m'ndende miyezi 7. Mu 1552 anasamukira ku Duisburg, ku Germany, kumene anakhala kufikira imfa yawo.

Masiku amenewo amalinyero anali pa vuto lalikulu. Popeza dziko ndi lozungulira pamene pepala ndi lafulati, woyendetsa combo akatsatira mzere wa pamapu ndi kampasi anali kuphonya doko, mwinanso kugunda miyala. Mu 1569 a Mercator anatulutsa mapu amene amatanuka mowonjezereka munthu akamatalikirana ndi mzere wa ikweta. Pa mapuwa, njira yosasintha ya kampasi imaoneka yowongoka. Masamu ake anawafotokoza mokwanira ndi a Edward Wright a ku England mu 1599.

Komabe mapuwa amakulitsa maiko a kufupi ndi mapeto a dziko. Greenland amaoneka wolingana ndi Africa, pamene Africa ndi wamkulu kuwirikiza ka 14. Ici ndi cifukwa cake mu 2025 bungwe la African Union linavomereza pempho lakuti masukulu ndi mabungwe azigwiritsa nchito mapu ena.

Panyanja, nzeru yawo ikali kugwira nchito. Pakati pa 2012 ndi 2018, bungwe la IMO linakhazikitsa lamulo lakuti zombo zazikulu zoyenda pakati pa maiko zikhale ndi makina a ECDIS, amene amaonetsa mapu pa kompyuta pamodzi ndi malo amene combo cili. Miyezo ya mapu amenewa imaikidwa ndi bungwe la IHO la ku Monaco, ndipo muyezo wakale wa S-57 uli kulowedwa m'malo pang'onopang'ono ndi S-100. Ngakhale zili conco, mapu ambiri amene amalinyero amaona pa makinawa amatsatirabe njira ya a Mercator.

A Mercator anamwalira pa 2 December 1594 ali ndi zaka 82. Buku lawo la mapu, limene analicha Atlas, linatulutsidwa ndi mwana wawo Rumold mu 1595.