John Kirk, dokotala amene dzina lake linatsalira pa msuku

Nyengo ya masuku ikakwana, ambiri mwa ogula zipatsozi m'misika ya ku Chiradzulu sadziwa kuti m'mabuku a sayansi mtengo wake umatchedwa Uapaca kirkiana, dzina lokumbukira John Kirk.

Kirk anabadwa pa 19 Disembala 1832 ku Barry m'dziko la Scotland, ndipo anaphunzira udokotala ku Edinburgh. Mu 1858 anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa mtsinje wa Zambezi monga dokotala komanso katswiri wa zomera. Mu Epulo 1859 awiriwa anakwera mapiri a kum'mawa kwa Shire mpaka anafika ku nyanja ya Chilwa. Mu 1861 gulu la Livingstone linaperekeza Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, kumene anakhazikitsa mishoni.

Ntchito yotolera zomera inali ndi zowawa zake. Mu 1860 bwato la Kirk linagubuduzika pa mathithi a Cahora Bassa ku Tete, ndipo zolemba ndi zojambula zake zambiri zinapita ndi madzi. Zomera zina zimene anatumiza ku Kew, mumzinda wa London, zinapatsidwa dzina lake.

Kapangidwe ka mayinawa kali ndi malamulo a Chilatini. Pa zomera, dzina la mwamuna lothera ndi konsonanti limawonjezeredwa -ii, n'chifukwa chake timaona kirkii. Lothera ndi vawelo limalandira -i, monga mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, wokumbukira Alexander Whyte. La mkazi limathera ndi -ae. Dzina lithanso kusandutsidwa mfotokozi wogwirizana ndi liwu loyamba, monga zilili pa kirkiana.

Mu 1866 Kirk anapita ku Zanzibar, kumene mu 1873 anakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano lotseka msika wa akapolo. Anamwalira pa 15 Januwale 1922 ku Sevenoaks, ku England. Mapiri a Kirk Range, kumalire a Malawi ndi Mozambique, amatchedwanso dzina lake.

Msuku unali ndi dzina lake Kirk asanafike kuno, ndipo Amang'anja amene ankamulondolera njira sanatchulidwe m'mayina a sayansiwa. Mwayi ulipo kwa ophunzira athu amene angapeze chamoyo chatsopano, chifukwa malamulo omwewa amalola kulemekeza Mmalawi aliyense.