Lucius Cary, nduna yomwe inafa ikufunafuna mtendere

Nkhondo yapachiweniweni itabuka ku England m'chaka cha 1642, nduna imodzi ya Mfumu Charles I inalimbikira kuti mfumuyo ndi nyumba ya malamulo akhale pansi n'kukambirana. Ndunayo inali Lucius Cary, yemwe ankadziwika ndi dzina laulemu lakuti Viscount Falkland.

Cary anabadwa cha m'ma 1610 ndipo anaphunzira ku Trinity College mumzinda wa Dublin. Kunyumba kwake ku Great Tew kunkasonkhana anthu ophunzira kudzakambirana za chipembedzo. Mu 1640 anasankhidwa kukhala phungu wa Newport, ndipo anadzudzula mfumu chifukwa chotolera msonkho popanda chilolezo cha aphungu. Koma ataona kuti aphungu ena akufuna kuthetseratu udindo wa mabishopu ndi kuchepetsa kwambiri mphamvu za mfumu, anasiyana nawo. Mu Januwale 1642 anavomera unduna.

Mu Seputembala chaka chomwecho anapita ku London ndi uthenga wa mfumu wopempha zokambirana, koma aphungu sanaulandire. Zokambirana za ku Oxford kumayambiriro kwa 1643 nazonso zinalephereka, makamaka pa nkhani yakuti ndani azilamulira asilikali ndi zombo zankhondo.

Mnzake wapamtima, Edward Hyde, analemba kuti kukhetsana magaziko kunamufooketsa Cary mpaka ankasowa tulo. Pa 20 Seputembala 1643, pa nkhondo ya ku Newbury, anathamangitsa kavalo wake kulunjika kumene adani ankawomberako, ndipo anafera pomwepo ali ndi zaka 33.

Zokambirana zina za ku Uxbridge mu 1645 ndi ku Newport mu 1648 sizinaphule kanthu. Mfumu Charles inadulidwa mutu pa 30 Januwale 1649.