Florence Nightingale: mayi wa nyali amene adadzimana tulo

Tsiku la 12 May ndi la anamwino pa dziko lonse, kuphatikizapo athu a pa chipatala cha boma cha Nkhotakota ndi cha St Anne's. Tsikuli lidasankhidwa chifukwa ndi limene Mayi Florence Nightingale adabadwa, m'chaka cha 1820, mu mzinda wa Florence ku Italy. Makolo awo adali Angerezi opata bwino, ndipo sadakondwe pomva kuti mwana wawo akufuna kudwazika matenda, ntchito imene masiku amenewo inkanyozeka. Iwo adaumirirabe, nakaphunzira ku Kaiserswerth ku Germany mu 1851.

Nkhondo ya ku Crimea itavuta, boma la Britain lidawatuma kukasamala asilikali ake. Adafika ku Scutari, m'dziko la Turkey, mu November 1854 ndi anamwino 38, ena mwa iwo asisitere achikatolika. Chipatala chake chidali nyumba yakale ya asilikali: zimbudzi zotsekeka, makoswe, nsabwe, ndi odwala ondandalika m'mizere ya makilomita angapo. Anamwino ochepawo sakadakwanira. Amene adaona ndi maso adalemba kuti Mayi Nightingale nthawi zina ankakhala chilili maola 20. Ikakwana 8 koloko usiku ankatulutsa anamwino anzawo m'mawodi, iwo n'kumayendera odwala ndi nyali m'manja. Dzina loti mayi wa nyali lidachokera pamenepo.

Chithunzi chimenechi timachikonda, koma tisabise zimene zidachitika. M'miyezi yozizira yoyambayo asilikali oposa 4,000 adafera m'chipatalamo, ambiri osati ndi mabala koma ndi kolera, kamwazi ndi tayifodi. Imfa zidayamba kuchepa kwenikweni kuchokera mu March 1855, pamene akatswiri a zaukhondo otumidwa kuchokera ku London adatsegula ngalande za zonyansa, kukonza madzi ndi kulowetsa mpweya m'mawodi. Kuchezera kwa mayiyu kudatonthoza ambiri pa ola lawo lomaliza, ndipo chimenecho si chaching'ono. Koma pachokha sikudaletse maliro.

Thupi nalo lidalipira. Mu May 1855, ali ku Balaclava, adagwidwa ndi nthenda yotentha thupi imene idatsala pang'ono kuwapha. Anamwino ena, asisitere awiri pakati pawo, adafera komweko. Atabwerera kwawo mu 1856 sadapume, ndipo mu 1857 adagwa ndi kutopa. Zaka zambiri zotsatira adazithera m'chipinda, kawirikawiri ali chigonere.

Zimene thupi la mayiyu lidaonetsa, ofufuza adadzaziwerengera pambuyo pake. Kafukufuku wa ku America wa mu 2004 adapeza kuti namwino akagwira maola 12 ndi theka kapena kuposerapo, mpata woti alakwitse umakula pafupifupi katatu. Kulakwitsa kwake n'kotani? Mankhwala operekedwa mochedwa kapena pa mlingo wolakwika, ndi wodwala amene wasintha kapumidwe popanda womuona. Ife a m'mbali mwa nyanja nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, udafikanso kuno, ndipo odwazika matenda amadziwa nkhope ya namwino amene walowa ntchito madzulo n'kudzaweruka dzuwa litatuluka. Tikamudzudzula kuti wayankha mwaukali, sitifunsa kawirikawiri kuti wagona liti.

Mayi Nightingale, ali pa bedi lawo lomwelo, adagwira ntchito imene idapulumutsa anthu ochuluka kuposa nyali ija. Adasanthula ziwerengero za imfa za asilikali nakakamiza boma kukonza zipatala ndi malo ogona asilikaliwo. Mu 1859 adatulutsa buku la Notes on Nursing, momwe adatsindika za mpweya wabwino, ukhondo, bata, ndi kuti wodwala asadzutsidwe akangogona kumene. Mu 1860 adatsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas' ku London, kuti odwala asadalirenso munthu mmodzi wodzipereka koma gulu la ophunzitsidwa bwino.

Mu 1907 adakhala mayi woyamba kulandira ulemu wa Order of Merit. Adamwalira pa 13 August 1910 ali ndi zaka 90. Achibale adakana kuti aikidwe ku Westminster Abbey, potsata kufuna kwa mwini wake, ndipo adawaika pa manda a tchalitchi cha ku East Wellow, pafupi ndi makolo awo.