Jacques Monod: wasayansi amene anapeza kuti majini amayatsidwa ndi kuzimitsidwa

Maselo a m'diso lanu ndi a m'chiwindi chanu ali ndi malangizo ofanana, omwe munatengera kwa makolo anu. Nanga bwanji diso silipanga ndulu? Yankho lake linayamba kuoneka chifukwa cha Jacques Monod wa ku France. Tikamati majini pano sitikunena mizimu ayi, koma tizigawo ta DNA tomwe timauza selo zoti lipange.

Monod anabadwira ku Paris pa 9 February 1910. Bambo ake anali wojambula zithunzi, ndipo mayi ake anali a ku America. Cha mu 1940, ali pa yunivesite ya Sorbonne, ankadyetsa mabakiteriya mitundu iwiri ya shuga nthawi imodzi, monga gulukozi ndi lakitozi, yemwe ndi shuga wa mumkaka. Anaona kuti tizilomboto timayamba tamaliza gulukozi, kenako timaima kaye osachulukana, n'kuyamba kudya shuga winayo. Kaphokoso kanalibe, koma kuima kumeneku kunamuzunguza mutu kwa zaka 20.

Apa n'kuti asilikali a Germany atalanda France. Mkazi wake, Odette, anali Myuda, ndipo anali ndi ana aamuna amapasa. Monod analowa gulu lomenyera ufulu mobisa mpaka anakhala mmodzi wa akuluakulu ake, akudziwa kuti akangogwidwa akhoza kuphedwa.

Nkhondo itatha mu 1945, anayamba ntchito ku Institut Pasteur. Kumeneko anadzagwirizana ndi François Jacob, yemwe ankafuna kukhala dokotala wa maopaleshoni koma anavulala koopsa kunkhondo. Mu 1961 awiriwa anafotokoza chinsinsi chija pogwiritsa ntchito bakiteriya wotchedwa E. coli. Pa DNA pamakhala puloteni ina ngati mlonda wa pageti, yotsekereza majini ogaya lakitozi. Lakitozi akalowa m'selo, kachinthu kochokera kwa iye kamamata mlondayo, iye n'kuchoka, majiniwo n'kuyamba ntchito. Shugayo akatha, mlonda amabwerera. Kuima kaye kuja inali nthawi yoti selo likonze zida zatsopano. Mu 1965 Monod, Jacob ndi André Lwoff analandira mphoto ya Nobel.

Mwina mukufunsa kuti zimenezi zikukukhudzani bwanji. Ngati kwanu kuli wodwala matenda a shuga yemwe amabaya insulin, dziwani kuti mu 1978 asayansi a ku America anagwiritsa ntchito swichi yomweyi popangitsa E. coli kupanga insulin ya munthu. Mankhwalawa anavomerezedwa mu 1982. Kale insulin inkachokera ku nkhumba ndi ng'ombe.

Palinso chenjezo. Mabakiteriya ena ali ndi majini ogonjetsa mankhwala, omwe amayaka mankhwalawo akangofika. Mukamwa maantibayotiki popanda chifukwa, tizilombo tofooka timafa ndipo tamajini oterewa timatsala n'kuchulukana. N'chifukwa chake simuyenera kugulira mwana makapisozi pa chimfine wamba popanda kuonana ndi achipatala. Inu odzipereka pa zaumoyo, mfundo imeneyi muziifotokoza m'midzi.

M'thupi la munthu muli majini pafupifupi 20,000, ndipo ambiri amayatsana ndi kuzimitsana ngati ukonde. Selo la m'diso limayatsa ena, la m'chiwindi ena. Maswichi olamula kugawikana kwa maselo akawonongeka, khansa imatha kuyamba. Ukondewu sungawerengeke pamanja, choncho masiku ano ofufuza amaulemba m'mapulogalamu a pakompyuta, n'kuyesa kuzimitsa jini imodzi kuti aone zomwe zingatsatire asanapite ku labotale.

Monod anakhala mkulu wa Institut Pasteur mu 1971. Anamwalira ndi khansa ya m'magazi ku Cannes pa 31 May 1976, ali ndi zaka 66, patatsala zaka ziwiri kuti swichi yake ipange insulin yoyamba ija.